Kodi Mumadziwa? Makina Ofinya Miyendo, Shuga ndi Mtima

Kodi mumadziwa kuti mtima umalandira magazi ake pa kanthawi kamene wamasuka, osati pamene ukukankha? Ukafinyika kuti utumize magazi m'thupi lonse, timitsempha take tomwe timapanikizika, magazi n'kumavutika kudutsamo. Ukamasuka, pakati pa kugunda kumodzi ndi kwina, ndi pamene mnofu wa mtima umamwa. Kanthawi kameneka sikakwana ngakhale sekondi imodzi, ndipo kamabwera pafupifupi ka 100,000 pa tsiku.

Kodi mumadziwa kuti pali chithandizo chimene chinapangidwira kanthawi kakang'onoko? Madokotala amachitchula mwachidule kuti EECP. Palibe mpeni, palibe jakisoni, palibe mankhwala ogonetsa. Wodwala amabwera akuyenda yekha, amagona chagada pabedi kwa ola limodzi, kenako n'kudzuka ulendo wa kwawo. Ngakhale vuto lili pachifuwa, ntchito yonse imachitikira kumiyendo.

Zimayenda chonchi. Nesi amakulunga malamba akuluakulu m'malo atatu: pa akatumba, pa ntchafu, ndi kumtunda kwa ntchafu mpaka kumatako. Malambawo ndi ofanana ndi uja amakumangani pamkono ku kiliniki ya Kalingalinga kapena ya Mtendere poyeza BP, kungoti awa ndi aakulu ndiponso amphamvu kwambiri. Pachifuwa amamatapo timawaya topita ku kompyuta yowerenga kagundidwe ka mtima, pachala n'kupanapo kachipangizo kena. Mtima ukangomasuka, mpweya umalowa m'malamba: akatumba amafinyidwa choyamba, kenako ntchafu, kenako matako, motsatizana mwachangu moti diso silingalekanitse. Magazi amene anali kumiyendo amakankhidwira kumtunda, n'kufika pa nthawi yeniyeni imene mitsempha ya mtima ili yotseguka. Mtima ukati ufinyikenso, malamba onse amaphwa nthawi imodzi, ndiye magazi amatuluka mosavuta, ntchito ya mtima n'kupepuka.

Kodi mumadziwa kuti munthu amene mtima wake ukugunda ka 70 pa mphindi amafinyidwa miyendo ka 4,200 pa ola limodzilo? Thupi limachita kudzidzimuka pabedi ndi kugunda kulikonse. Mphamvu ya malambawo imatha kufika pa 300, pa muyeso womwe uja umene BP ya munthu wabwinobwino imakhala cha pa 120. N'chifukwa chake wodwala amavala buluku lothina lopanda msoko wokhuthala, kuti khungu lisanyuke. Amauzidwanso kuti ayambe wapita kukataya madzi asanagone, chifukwa magazi akamabwerera ambiri kumtunda, impso nazo zimachita changu.

Nanga mumadziwa kuti chithandizochi si cha tsiku limodzi? Mwambo wake ndi maola 35: ola limodzi pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 7. Tawerengerani inu amayi a ku George amene mumadzuka nkhuku zisanalire kupita kukaoda tomato ku msika wa Soweto. Maulendo 35 kupita, 35 kubwerera, ndalama ya minibasi tsiku lililonse, ndi masiku 35 kantemba kali kotseka kapena kali m'manja mwa mwana. Mtengo wa chithandizo suyambira pa risiti ya chipatala.

Kodi mumadziwa kuti nzeru imeneyi inayamba ndi anthu awiri a bere limodzi? Mu 1953, ku America, Adrian Kantrowitz, dokotala wa maopaleshoni, ndi mkulu wake Arthur, katswiri wa sayansi, anaonetsa poyesa pa agalu kuti magazi akakankhidwa pa nthawi imene mtima wamasuka, mitsempha ya mtima imalandira ochuluka. Mu 1967 Adrian anaika kachibaluni m'kati mwa mtsempha waukulu wa wodwala ku Brooklyn, kofufuma ndi kuphwa motsatira mtima, ndipo njira imeneyi ikugwirabe ntchito m'zipinda za odwala mwakayakaya mpaka lero. Adrian yemweyu ndi amene anaika mtima wa munthu mwa munthu wina koyamba ku America, pa 6 Disembala 1967, patangopita masiku atatu Christiaan Barnard atachita zimenezi ku Groote Schuur, mu Cape Town.

Kodi mumadziwa kuti makina oyamba ofinyira kunja ankagwiritsa ntchito madzi? Ku Boston, m'zaka za m'ma 1960, Harry Soroff ndi William Birtwell ankaika miyendo ya wodwala m'chimake chodzadza madzi, n'kumafinya mwendo wonse nthawi imodzi. Anali makina olemera, ovuta, ndipo phindu lake linali lochepa.

Amene anawakonza kuti akhale mmene alili lero ndi a ku China. Dokotala Zheng Zhensheng ndi anzake ku yunivesite ya Sun Yat-sen, mumzinda wa Guangzhou, anachotsa madzi n'kuikamo mpweya, anagawa malamba kuti azifinya motsatizana kuchokera pansi, kenako anawonjezera lamba wa kumatako. Izi zinachitika m'zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980. Ku America bungwe la FDA linavomereza makinawa pa ululu wa pachifuwa mu 1995, ndipo inshuwalansi ya boma ya okalamba, Medicare, inayamba kulipirira mu 1999. Lero makinawa amapezeka kwambiri ku China, ku India ndi ku America, ndipo wa kuno amene watumizidwa ku India kukaonetsa mtima akhoza kuwamva akutchulidwa.

Kodi mumadziwa kuti makinawa sanapangidwire aliyense wodwala mtima? Eni ake ndi anthu amene ali ndi ululu wa pachifuwa wokanika. Ululu wake ndi uwu: mwanyamula chigubu cha malita 20 kuchokera pa pompi, mwayenda pang'ono, chifuwa chayamba kulemera ndi kuthina, nthawi zina mpaka kumkono wa kumanzere, kukhosi kapena kunsagwada. Mukatula n'kupuma, ululu ukuzilala. Chimachititsa n'choti mitsempha ya mtima yachepa m'kati chifukwa cha mafuta oundana m'mbali mwake, ndiye mtima ukafuna magazi ambiri sakukwanira. Ambiri amathandizidwa ndi mapiritsi. Ena amawalowetsa kawaya kotambasula mtsempha, ena amawachita opaleshoni yolambalala potsekeka. Koma pali kagulu kamene kamwa mapiritsi onse, ululu ulipobe, ndipo dokotala waona kuti kawaya kapena opaleshoni sizingatheke. EECP ndi ya amenewo.

Nanga shuga akulowapo bwanji? Apa ndi pamene pagona nkhani. Bungwe la WHO limati akuluakulu odwala shuga ali pa ngozi yodwala mtima kapena sitiroko kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa anzawo. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, amawononga khungu la m'kati mwa mitsempha. Ndiye kwa wodwala shuga mtsempha sutsekeka pamalo amodzi okha poti dokotala n'kulozapo. Umachepa utali wonse, mitsempha iwiri kapena itatu nthawi imodzi, pamodzi ndi timitsempha ting'onoting'ono tosafikika ndi kawaya. N'chifukwa chake pa mndandanda wa odwala amene njira zina zawakana, a shuga amachuluka.

Kodi mumadziwa kuti kwa wodwala shuga amene mitsempha ingapo yatsekeka, opaleshoni yolambalala imapambana kawaya? Kafukufuku wotchedwa FREEDOM, wa odwala shuga 1,900, anatuluka mu 2012 n'kuonetsa kuti ochitidwa opaleshoni anamwalira ochepa ndiponso anagwidwa mtima ochepa m'zaka zisanu, ngakhale sitiroko inawapeza ochulukirapo pang'ono. Choncho munthu amene opaleshoni ingamuthandize asaithawe chifukwa wamva za bedi lofinya miyendo.

Kodi EECP imagwiradi ntchito? Funso ili likufuna yankho lathunthu. Kafukufuku wake wodziwika kwambiri, MUST-EECP, anatuluka mu 1999. Anatenga odwala 139 m'zipatala 7 za ku America. Theka anafinyidwa mwamphamvu, theka anamangidwa malamba omwewo koma ofinya pang'ono chabe, osauzidwa kuti ali gulu liti. Ofinyidwa mwamphamvu ankatha kuyenda nthawi yotalikirapo mtima usanaonetse kuperewera magazi, ndipo ululu unkawabwerera mwa apo ndi apo kusiyana ndi kale. Koma iwowanso ndi amene anadandaula kwambiri za kuwawa kwa miyendo ndi msana, kunyuka ndi matuza. Odwala 139 ndi ochepa pa nkhani ya mtima, kumene mankhwala amayesedwa pa anthu masauzande.

Pa odwala shuga, nkhani yochuluka inachokera m'kaundula wa ku yunivesite ya Pittsburgh, wolemba anthu olandira chithandizochi. Lipoti la 2003 linaunika odwala 1,532, ndipo 43 pa 100 alionse anali a shuga. Mwa a shugawo, pafupifupi 7 mwa 10 anapeza ululu utachepa pomaliza maola awo, ndipo ambiri anakhalabe bwino patatha chaka. Ndi nkhani yabwino, ndipo kwa munthu amene sankatha kuyenda kuchoka pakhomo kufika pamsewu, si yaing'ono. Koma kaundula alibe gulu lofanizira, ndiye sangatiuze kuti gawo la makina ndi liti, ndipo gawo la kubwera kuchipatala tsiku ndi tsiku, kumwa mankhwala mosadumphitsa ndi kuyang'aniridwa ndi nesi ndi liti.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale akatswiri sagwirizana? Mabungwe a madokotala a mtima ku America amati chithandizochi chikhoza kuganiziridwa kwa amene njira zina zakanika. Bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linanena mu 2011 kuti chisaperekedwe pa ululu wa pachifuwa wa nthawi zonse, poona kuti umboni ndi wochepa. Chimene onse amavomerezana n'choti palibe kafukufuku wamkulu amene anaonetsa kuti EECP imatalikitsa moyo kapena kuletsa mtima kugwidwa. Imachepetsa ululu kwa ambiri. Sichotsa mafuta otseka mtsempha.

Nanga imatsitsa shuga? Ofufuza a ku yunivesite ya Florida, motsogozedwa ndi Randy Braith, anaona shuga akutsikako pang'ono mwa anthu amene anamaliza maola 35, mwina chifukwa magazi akamathamanga m'minofu ya miyendo, minofuyo imamwa shuga bwino. Anayesa pa anthu ochepa kwambiri. Palibe dokotala woona amene angakuuzeni kuti musiye metformin kapena insulini chifukwa cha makina.

Kodi mumadziwa kuti makina otikita mapazi, mipando yonjenjemera ndi malamba otenthetsa amene amatsatsidwa m'tauni ndi pa WhatsApp si EECP? Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati palibe timawaya pachifuwa towerenga mtima, kufinyako sikukutsata kugunda kwa mtima, ndiye si chithandizochi. Zimandiwawa mtima kuona agogo akutulutsa ndalama ya penshoni kulipira zoterezi atauzidwa kuti zisungunula shuga ndi kutsuka magazi, pamene mapiritsi awo a BP anatha mwezi watha. Ndipo lamba wotenthetsa pa phazi lochita dzanzi amawotcha munthu osamva.

Kodi mumadziwa kuti pali anthu amene sayenera kugona pa bedi la EECP ngakhale atakhala ndi ndalama? Mayi woyembekezera. Munthu amene magazi anaundana m'mtsempha wa mwendo, chifukwa kufinyako kungathothole chibulumacho n'kupita nacho kumapapo. Amene mtsempha waukulu wa m'mimba unatupa. Amene BP yapitirira 180 pa 110 ndipo sinatsitsidwe. Amene mtima ukugunda mosalongosoka moti kompyuta singautsate. Amene magazi ake sachedwa kutuluka osaleka. Amene mitsempha ya miyendo inatsekeka kwambiri, kapena ali ndi chilonda kumwendo. Ziwiri zomalizazi ndi zimene zimatsekera khomo odwala shuga ambiri: shuga yemwe wawononga mtima amakhala atayamba kale kuwononga miyendo.

Palinso gulu lina lofunika kulitchula kuno kwathu: amene chitseko cha mtsempha waukulu wa mtima chimadontha. Kwa iwowa magazi okankhidwa kuchokera kumiyendo amabwerera m'kati mwa mtima n'kuulemetsa. Chimodzi mwa zowononga zitseko za mtima ndi zilonda za pakhosi za paubwana zimene sizinalandire penisilini. Kafukufuku wa ana a sukulu a mu Lusaka, amene anatuluka mu 2018, anapeza pafupifupi mwana 1 mwa 100 ali ndi zizindikiro za matenda amenewa. Ndiye palibe kufinya miyendo munthu asanaunikidwe mtima pa sikani.

Tsopano mvetserani ichi, chifukwa chikhoza kupulumutsa munthu m'nyumba mwanu usiku uno. Kodi mumadziwa kuti wodwala shuga akhoza kugwidwa mtima osamva ululu pachifuwa? Shuga amapha pang'onopang'ono mitsempha yonyamula uthenga wa ululu, osati kumapazi kokha, komanso kumtima. Ndiye atate amangoti afooka, akutuluka thukuta lozizira atakhala pansi, mpweya ukuwachepera, akumva nseru, kapena pamwamba pa mimba pakuwotcha. A m'nyumba amati ndi chilungulira, ndi nyemba za dzulo, n'kuwasungunulira soda. Ena amati shuga watsika, n'kuwapatsa zigolo. Ngati muli ndi kamakina koyezera, yezani. Shuga ngati sanatsike ndipo munthu sakusintha pakatha mphindi 15, funani galimoto, musadikire kuche. Mnofu wa mtima umafa ola ndi ola, ndipo ukafa sumeranso. Amayi nawo, ngakhale opanda shuga, kawirikawiri amagwidwa mtima mwa njira yobisika yomweyi.

Kodi mumadziwa kuti 9 mwa akuluakulu 10 a m'Zambia anali asanayezetsepo shuga chibadwire? Anapeza zimenezi ndi kafukufuku wa STEPS wa 2017, wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO, pa anthu a zaka 18 mpaka 69. Kafukufuku yemweyo anapeza shuga wokwera mwa anthu 6 pa 100 alionse, ndi BP yokwera mwa munthu mmodzi pa asanu. Kwa ine nambala yoyambayo ndi imene ikulemera kuposa zonse za m'nkhani ino. Makina a maola 35 ali kumapeto kwenikweni kwa njira, pamene unyinji wa anthu a m'makomboni mwathu sunadutse n'komwe pa khomo loyamba, la kadontho ka magazi pachala.

Manambala oti muwasunge pamtima ndi ochepa. Shuga woyezedwa m'mawa musanadye akafika pa 7.0 kapena kupitirira, pa masiku awiri osiyana, amenewo ndi matenda a shuga. BP ikamakhala pa 140 pa 90 kapena kupitirira, yakwera. Palinso kuyeza kwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi. Kumeneku sikunamizika ndi kusala kwa tsiku limodzi, ndipo kwa odwala ambiri dokotala amafuna kukhale pansi pa 7.

Kodi mumadziwa kuti zipatala za Matero ndi Chilenje zinakulitsidwa ndi thandizo la Japan n'kutha mu 2016, ndipo za Kanyama, Chawama ndi Chipata zinatsatira mu 2021? Cholinga chinali choti si matenda onse azithamangira ku UTH. Njira ya wodwala shuga amene chifuwa chayamba kulemera imayambira ku kiliniki ya pafupi, monga ya George, ya Mtendere kapena ya Kalingalinga, n'kupita ku chipatala cha m'dera, kenako ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Nkhani ikakula pali National Heart Hospital, cha ku msewu wa ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kumene amachita maopaleshoni a mtima. Musataye kalata yotumizira, ndipo kabuku kanu ka ku kiliniki muziyenda nako, pamodzi ndi timapaketi ta mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale a zitsamba.

Pa nkhani ya ndalama zolipirira, inshuwalansi ya NHIMA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018. Wa pantchito yolembedwa amadulidwa 1 pa 100 ya malipiro, bwana n'kuwonjezera 1 ina. Ogulitsa pamsika, oyendetsa mawilibala ndi ena odzilemba okha ntchito nawo amaloledwa kulembetsa.

Kodi mumadziwa kuti kapiritsi koika pansi pa lilime pochepetsa ululu wa pachifuwa n'kopangidwa ndi mankhwala omwe amaphulitsira miyala? Dzina lake ndi nitroglycerin. Dokotala William Murrell wa ku London analemba za mphamvu yake pa ululu umenewu mu 1879. Alfred Nobel, amene analemera ndi dainamaiti yopangidwa ndi mankhwala omwewa, atadwala mtima chakumapeto kwa moyo wake madokotala anamulembera nitroglycerin. Kapiritsika kamagwira ntchito m'mphindi zochepa potambasula mitsempha. Muzikaika mutakhala pansi, chifukwa kamachititsa chizungulire. Ndipo abambo, ichi n'chachikulu: sikaphatikizidwa ndi mapiritsi owonjezera mphamvu za kuchipinda, chifukwa BP imagwa mpaka kupha.

Kodi mumadziwa kuti zimene zinatsimikizika kuti zimatalikitsa moyo wa wodwala shuga ndi zinthu zosaoneka zapamwamba? Kutsitsa BP ndi mapiritsi monga amlodipine kapena enalapril. Kapiritsi kotsitsa mafuta m'magazi, monga atorvastatin, kamene madokotala amalangiza odwala shuga ambiri opitirira zaka 40 ngakhale asakumva chilichonse. Asipirini wamng'ono kwa amene mitsempha ya mtima yadziwika kale kuti yadwala, dokotala akavomera. Kusiya fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe. Mu 2015 kafukufuku wa odwala oposa 7,000 anaonetsanso kuti mankhwala a shuga otchedwa empagliflozin amachepetsa imfa za mtima, ndipo mu 2021 WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika m'dziko lililonse. Vuto la mapiritsi onsewa n'loti munthu akamamwa samva kusintha, ndiye akapeza bwino amasiya, kapena akasowa ku kiliniki amadikira mwezi wathunthu. BP sichira. Imangogonekedwa tsiku ndi tsiku.

Kodi mumadziwa kuti munthu wa m'Zambia amadya mchere wokwana magalamu 9.5 pa tsiku, pamene WHO imati usapitirire 5? Magalamu 5 ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse. Suli m'mbale ya patebulo mokha. Uli mu kapenta wouma, m'masoseji, mu buledi, mu timabuloko tokometsera ndiwo, ngakhalenso mu soda wa mu delele.

Nanga mumadziwa kuti shuga wa m'Zambia amathiridwa vitamini A kuyambira mu 1998? Linali ganizo labwino lothandiza ana. Koma sizikusandutsa shuga kukhala mankhwala, ndipo masupuni anayi m'kapu ya tiyi, maheu otsekemera masana ndi chakumwa cha m'botolo madzulo zimamupweteka wodwala chimodzimodzi. Nsima nayo imasanduka shuga m'thupi. Ya ufa wa rola imachedwerapo kusiyana ndi ya bulekifasi, koma chachikulu ndi kuchuluka kwa mitanda. Chepetsani mtanda umodzi, onjezani chibwabwa, kalembula, bondwe kapena nyemba.

Kodi mumadziwa kuti makina a EECP sayenda popanda magetsi okhazikika? Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene makomboni ankakhalira mumdima maola 17 kapena kuposerapo. Amene anavutika mwakachetechete ndi obaya insulini, poti mafiriji anasanduka makabati. Apa pali nkhani yolimbitsa mtima. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2021, bungwe la MSF ndi yunivesite ya Geneva anayesa insulini pa kutentha kwa ku kampu ya othawa kwawo ya Dagahaley ku Kenya, kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, n'kupeza kuti botolo lotsegulidwa limasunga mphamvu kwa masabata 4. Chofunika ndi kulibisa ku dzuwa ndi kutali ndi mbaula. Ambiri amaliika m'kachitini kotseka bwino, n'kukakwirira mumchenga wonyowa m'mphika wadothi, pakona pozizira. Mabotolo osatsegula ndiwo amafuna firiji, koma osaumitsa.

Kodi mumadziwa kuti akatumba anu amapopa magazi nthawi iliyonse mukaponda? M'mitsempha ya miyendo muli tizitseko tolola magazi kukwera koma osabwerera, ndipo mnofu ukafinyika poyenda umawakankhira ku mtima. Ofufuza amaganiza kuti phindu lokhalitsa la EECP limabwera chifukwa magazi othamanga amakhuza khoma la mtsempha, khomalo n'kutulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide umene umafewetsa mitsempha, ndipo mwina timitsempha tatsopano tolambalala timatseguka. Kuyenda ndawala kumachita zofananazo. Kusiyana kwake n'koti makina amathandiza munthu amene ululu sukumulolanso kuyenda. Amene mukadatha, WHO imati mphindi 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku 5. Tsikani minibasi sitepe imodzi musanafike. Mukadya nsima ya madzulo, yendani mphindi 10 kapena 15 musanakhale pa TV, chifukwa minofu yoyenda imamwa shuga amene wangolowa. Wa ululu wa pachifuwa ayambe wafunsa dokotala, ayende pang'onopang'ono, ndipo chifuwa chikalemera aime.

Ngati tsiku lina dokotala, kuno kapena kunja, atakutchulirani EECP, mafunso ndi awa. Kodi mitsempha yanga yajambulidwa, ndipo kawaya kapena opaleshoni zakanikadi? Kodi mankhwala anga afika pa mlingo wokwanira? Kodi zitseko za mtima ndi mitsempha ya miyendo zaunikidwa? Adzandiyang'anira ndani pa ola limenelo, ndipo ndikamva kubanika achita chiyani? Mtengo wa maola onse 35 ndi zingati? Dziwaninso kuti mpumulo wake umatha kukhala chaka kapena zaka zingapo, ndipo ena amadzabwerezanso. Obaya insulini adye kaye pang'ono ndi kuyeza shuga asanagone pabedipo.

Kodi mumadziwa kuti dzinja ndi nyengo yoopsa ku mapazi a wodwala shuga? Ku Kanyama ndi ku Chawama madzi akasefukira, munthu amawoloka osaona pansi, pali magalasi, waya ndi misomali. Phazi lochita dzanzi limabayidwa mwini wake osamva, n'kudzazindikira patatha masiku chifukwa cha fungo kapena sokosi yomata. Chilonda choterocho chimachedwa kupola chifukwa magazi safika bwino, ndipo ndi mmene anthu ambiri amatayira chala kapena mwendo. Madzulo aliwonse sambitsani mapazi, pukutani pakati pa zala, yang'anani kuphazi ndi kagalasi kapena muuze mdzukulu akuonereni. Gwedezani nsapato musanavale. Musawothe moto mapazi ali pafupi ndi mbaula, ndipo chikang'a musachidule ndi lezala.

Kuyeza dzanzi kumatenga mphindi ziwiri zokha. Nesi amagwiritsa ntchito kaulusi ka pulasitiki kopindika pa mphamvu ya magalamu 10, amakugundani nako pansi pa zala ndi kuphazi inu mutatsinzina, n'kumafunsa ngati mwamva. Kenako amaika zala zake pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kuti amve ngati magazi akugunda. Wodwala shuga aliyense ayenera kuyezedwa chonchi kamodzi pa chaka. Pa mzere wa anthu ambiri nesi akhoza kuiwala, ndiye mukangolowa m'chipinda, vulani nsapato ndi sokosi musanauzidwe.